Mzere umene ndinaukhwatcha pa koteshoni ya shedi yanga

Pepala lija ndikadali nalo mpaka lero, limakhala m'kabuku komwe ndimalembamo matumba a chitowe ndi nandolo, lapindikapindika komanso lada ndi thukuta la m'thumba koma mizere ya bolopeni yofiira ikuonekabe bwinobwino. Inali koteshoni ya shedi. Chaka cha 2022 ndinatopa ndi kusunga katundu m'nyumba za lendi pa Ngabu pano, matumba ena kwa apongozi, ena kuseri kwa golosale ya mnzanga, ndiye ndinati basi ndimange changachanga, mamita 24 m'litali ndi 12 m'lifupi, mbali ina mosungira mbewu mbali ina mwina chigayo m'tsogolo muno Mulungu akalola.

Za matabwa sindinafune kumva ndi komwe. Amene munakhalako kuchigwa kuno mukudziwa chimene chiswe chimachita, kasitolo kanga koyamba kanali ka milimo ya bulugamu, sipanathe zaka zambiri ndinangogogoda phaso limodzi ndi chala n'kumva kulira ngati ng'oma, m'kati monse dothi lokhalokha. Ndiye ndinati chitsulo basi, chiswe chikalume chione.

Vuto linayambira pa pepalapo. Mnyamata wowotcherera amene ndinamupeza, waluso ndithu pa mageti ndi mabagilabazi a m'mawindo, anandibweretsera mndandanda wa m'Chingerezi umene anathandizana kulemba ndi mnzake wina wa m'tauni. Columns, trusses, purlins, base plates, holding down bolts, gusset plates, cleats, sag rods, cross bracing, ndi zina zotero mpaka pansi, chilichonse ndi mtengo wake pambali. Ine sukulu ndinapitako, fomu folo ndinalemba, koma pamenepa ndinangoti kakasi ngati akundiwerengera mankhwala a kuchipatala. Ndipo munthu ukakhala kuti ndiwe bwana wolipira umachita manyazi kufunsa kuti kodi gaseti n'chiyani. Chimene ndinachita n'chimene aliyense wa bizinesi amachita, kuyang'ana totalo pansipo, kugwira kumutu, kenako kuyamba kufufuza zochotsa. Makolamu ndinawadziwa kuti ndi mizati, sindingachotse. Malata sindingachotse. Koma cross bracing? Ndinamufunsa mnyamata uja kuti izi n'zofunikadi? Iye, poopa kuti ntchito imupita, anangoti aaa bwana izo n'zongowonjezera mphamvu, tikhoza kusiya. Khwatchu. Sag rods khwatchu. Ma gusset plate anati tingowotcherera chitsulo pa chitsulo zigwira bwinobwino, khwatchu. Ndinapulumutsa ndalama yokwana mbuzi ngati zisanu ndipo ndinagona tulo tabwino tsiku limenelo, kudziona wochenjera.

Amalume ndi amene anasokoneza tulo langa. Madala amenewa anagwira ntchito zaka zambirimbiri kuwekishopu ya kumunda wa nzimbe ku Nchalo, ntchito yawo inali yodula, kuboola ndi kulumikiza zitsulo zomwezi, pano anapuma amangoweta mbuzi zawo ndi kukangana ndi wailesi. Ndinawaonetsa pepala lija monyadira kuti onani amalume mmene ndadulira mtengo. Anavala magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, kuwerenga pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu. Atatero anaitana kamdzukulu kawo, iwe tathamanga ukanditengere mapesi a mapira asanu ndi luzi.

Anatenga mapesi anayi n'kuwamanga m'makona kupanga kabokosi ka mbali zinayi, n'kundipatsa. "Kankha apa mphwanga." Ndinakankha kona imodzi ndi chala, kabokosi konse kanapendekeka ngati munthu woledzera kachasu, mfundo zonse zili chimangire, palibe phesi lathyoka, koma kagona. Anakawongola, n'kutenga phesi lachisanu kulimanga mopingasa kuchokera kona ya pansi kufika kona ya pamwamba mbali inayo. "Kankhanso." Ndinakankha, kanakana. Ndinakankha mwamphamvu mpaka phesi linayamba kulira, koma kupendekeka ayi. "Chimene wakhwatchacho ndi phesi limeneli," anatero, n'kubwerera ku wailesi yawo ngati palibe chachitika.

Tsiku limenelo sindinapite kumsika. Ndinakhala pamkeka mpaka dzuwa kupendeka akundimasulira pepala lonse mzere ndi mzere, ndipo chimene chinandipweteka mtima n'choti panalibe chachilendo ngakhale chimodzi, zonse ndinakula ndikuziona panyumba ya agogo kumudzi. Kolamu ndi mzati kapena nsanamira. Lafita ndi phaso, lija lotsetsereka kuchokera pansonga ya tsindwi kutsikira kukhoma. Mapalini ndi mbaliro, zija zimayenda mopingasa pamwamba pa mapaso kuti udzu upeze pogona, kungoti apa pogona malata. Zimene zimayenda chimodzimodzi koma m'mbali mwa khoma kuti malata a m'mbali agwirepo amazitcha side rail kapena girt. Mabauti ndi luzi. Bulesing'i ndi mchirikizo, ngati mtengo umene timachirikizira nkhokwe ikayamba kupendama, kusiyana kwake n'koti pachitsulo mchirikizo umaikidwiratu nyumba isanayambe kupendama. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji osangolemba choncho m'Chichewa? Anaseka, amvekere zitsulozo ukakagule ku Blantyre uziti ndikufuna mbaliro makumi anayi uone ngati akupatse.

Pa nkhani ya denga tinakhalitsapo. Ine m'mutu mwanga munali zitsulo zija zonenepa zooneka ngati chilembo cha I zimene mumaziona m'mafakitale, ndinkafuna zimenezo chifukwa zimaoneka za ndalama. Amalume anati chitsulo chimenecho chili ndi mbali ziwiri zofunika kuzidziwa, timapepala tiwiri togona, pamwamba ndi pansi, ndiwo ma flange, ndipo chipepala choimirira pakati cholumikiza awiriwo ndi web. Chitsulo chotere, chimene amati bimu, chikasenza katundu flange ya pamwamba imafinyika, ya pansi imakokeka, pakati penipeni sipamva zambiri, n'chifukwa chake anachotsapo nyama n'kuiunjika kumtunda ndi kumunsi. Anandiuza nditenge thabwa ndiligoneke chafulati pakati pa njerwa ziwiri ndiponde, kenako ndiliimike cham'mbali ndipondenso, thabwa lomwelo koma mphamvu zosiyana kutalitali. Mashedi akuluakulu amamangidwa ndi zimenezi, kolamu ndi lafita kumangidwa pamodzi molimba pakona ndi mabauti ambiri, pakonapo n'kuwonjezerapo chidutswa chonenepetsa chimene amati haunch, chimango chonsecho ndiye portal frame. Koma n'zolemera, zodula, ndipo kuti uzikweze pamafunika kireni, nanga kireni uitenga kuti pa Ngabu, kuiitanitsa kokha ndalama yake ndi shedi ina.

Ndiye tinagwirizana za mathilasi a engo ayoni, imene tonse kuno timangoti engolaini. Thilasi ndi phesi lachisanu lija kulibwereza kambirimbiri. Chitsulo cha pamwamba chotsetsereka ndi top chord, cha pansi chogona ndi bottom chord, tizitsulo ta pakati toyenda mokhotakhota n'timene timagawa mpata wonsewo kukhala timakona atatuatatu. Amalume amakonda kunena za mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Mutarara, umene anawolokapo ali anyamata, unatsegulidwa mu 1935 ndipo ndi wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, amvekere ukauyang'ana wonsewo ndi makona atatu okhaokha mphwanga, palibe matsenga. Ngakhale mapolo aataliatali a magetsi aja odutsa m'minda, kuchokera tsiku limenelo ndikamadutsa pa minibasi ndimangowayang'ana, engolaini yekhayekha womangidwa ndi mabauti, mopingasa mopingasa mpaka kumwamba.

Gaseti ija ndinaikhwatcha ndi kachidutswa ka chitsulo chafulati kamene kamakhala pomwe zitsulo zitatu kapena zinayi zikukumana pa thilasi. Popanda iko wowotcherera amangodonthezera pansonga pomwe zitsulo zagundana, kamalo kochepa ngati chikhadabo, pomwe ndi gaseti chitsulo chilichonse chimagona papuleti n'kuwotchereredwa mzere wautali mbali zonse. Kiliti ndi kachidutswa ka engolaini kowotchereredwa pamsana pa thilasi kuti palini ipeze pomangirira bauti. Sag rod ndi kachitsulo kozungulira kowonda kolumikiza palini ndi palini inzake pakatikati kuti zisagwere cham'mbali potsetsereka denga. Tonseto tinthu ting'onoting'ono totchipa poyerekeza ndi makolamu, ndipo ndi tomwe munthu wosadziwa amayambira kuchotsa chifukwa sitioneka pachithunzi.

Kukagula zitsulo ku Blantyre ndinapita nawo amalume, ndinawalipirira thiransipoti mosanyinyirika. M'thumba la jekete anatenga kachipangizo kawo kakale koyezera kunenepa kwa chitsulo, veniya, ndi tepi. Pashopu ina, sinditchula, anatipatsa engolaini amene pa lisiti analemba 50 x 50 x 5, kutanthauza mbali iliyonse mamilimita 50 ndipo kunenepa 5, madala atayeza anapeza sakufika ngakhale 4. Wogulitsa amvekere ndi yemweyo bambo amangobwera choncho. Tinatuluka. Zitsulo zambiri zimabwera zotalika mamita 6 koma zina zimapezeka za 5.8, ndipo ngati mipata yako unawerengera pa 6 masentimita 20 amenewo adzakuliritsa pa saiti. Malata nawonso, geji nambala ikamakwera ndiye kuti lata likupyapyala, 28 ndi yonenepa kuposa 30, 32 ndiye pepala lenileni, anthu ambiri amaganiza mosemphanitsa. Tinatenga IBR ya 28. Mapalini tinatenga a lipped channel, aja opindidwa ngati chilembo cha C chokhala ndi timilomo. Ulendo wobwerera pa lole kutsika mapiri aja kulowera ku Thabwa, zitsulo zikulira kumbuyo pa kona iliyonse, mabuleki akununkha, ine ndinangotseka maso kupemphera mpaka tinawoloka Shire pa Kamuzu Bridge.

Kenako pansi. Dothi lathu la makande mukulidziwa, chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, dzinja limafufuma n'kumata ngati phula, limakankha chilichonse chimene mwaikamo. Maenje a makolamu 14, asanu ndi awiri mbali iliyonse motalikirana mamita 4, amalume anaumirira kuti akumbidwe mozama kupitirira pomwe ming'alu imafika, anyamata okumba anadandaula mpaka ndinawonjezera ya chakudya. M'dzenje lililonse mumalowa konkire yokhala ndi zitsulo za Y12, zija zonenepa mamilimita 12, ndipo konkire isanaume mumamizidwa mabauti anayi aataliatali opindika kumunsi, ma holding down bolt aja, mitu yake yokha n'kutsala kunja. Kolamu siilowa m'konkire ayi, kumunsi kwake amawotchererako chipuleti chonenepa cha mabowo anayi, besi puleti, n'kuchikhazika pa mabauti aja n'kumanga manati. Mpata wotsala pansi pa puleti, mukamaliza kuwongola kolamu ndi levulo, mumatsekamo simenti yolimba.

Apa m'pomwe tinalakwitsa ngakhale madala analipo. Iwo anapanga kathabwa ka mabowo anayi ofanana ndendende ndi a besi puleti kuti tizigwiritsira mabauti pothira konkire. Tsiku lina anapita kumaliro ku Bangula, anyamata anaona kuti kathabwa kakuchedwetsa, maenje awiri omaliza anangobaya mabauti ndi maso. Patatha sabata tikudzutsa kolamu, anthu sikisi atagwira zingwe dzuwa lili pamutu, puleti ikukana kulowa, bauti imodzi yathawa ndi masentimita ngati atatu. Mnyamata wowotcherera anati tingoipinda ndi hamala kapena tikuze bowo ndi moto. Amalume anangoti ayi, dulani puleti ina muiboole potsatira mabautiwo mmene akhalira, ndipo ikhale yokulirapo. Masiku awiri anapita pamenepo ndi ndalama ya puleti, ine ndikungoyenda uku ndi uku ngati nkhuku yofuna kuikira.

Kuwotcherera kwenikweniko kunali nkhondo ina chifukwa chinali chaka chija namondwe Ana anawononga damu la Kapichira mu January, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka, magetsi ankabwera ngati mlendo. Tinachita kubwereka jenereta. Mathilasi onse asanu ndi awiri anawapangira pansi, yoyamba anaijambula pa simenti ndi choko n'kukhomerera tizitsulo m'mbali kuti zotsatira zonse zituluke chimodzimodzi. Ntchito inkayamba 5 koloko m'mawa, ikamakwana 11 chitsulo sichigwirika ndi manja, mwezi wa October kuno kutentha kumadutsa madigiri 40 mumthunzi, nanga chitsulo chogona padzuwa. Ndipo chimatalika, eti. Mita iliyonse imawonjezera mamilimita 0.012 pa digiri imodzi, zooneka zochepa, koma pa mamita 24 chitsulo chikatentha ndi madigiri 40 kuposa m'mawa ndi sentimita yathunthu ndi kanthu. N'chifukwa chake amalume ankafuna miyezo yonse ikuluikulu itengedwe m'mawa nthawi imodzimodzi, ndipo ndi kulira kuja mumamva kwa denga la malata masana, tha tha tha, ngati wina akuponya timiyala. Ndinaonanso mmene amayesera weld, msoko wowotcherera uja, kugogoda chikhungwa chakuda chija ndi kahamala kuti chigwe aone m'kati, ikakhala yoyenda bwino ngati mamba a nsomba amadutsa, ikakhala ya timibulu ngati zitosi za nkhuku amangoti gilayinda, bwerezanso. Mnyamata uja poyamba ankakwiya, pofika thilasi yachitatu anayamba kuwaitana yekha, madala tabwerani muone apa.

Mabauti nawo ali ndi mitundu, pamutu pake pamalembedwa nambala. Olumikizira thilasi ku kolamu anali a M16, kutanthauza onenepa mamilimita 16, olembedwa 8.8, olimba, sipanala yake 24, bowo lake limabooledwa 18 kuti bauti ilowe mosavuta. Opanda nambala aja a pamsika, onyezimira bwino, madala anawataya m'chitini amvekere awa ukamangire wilibala.

Chimene sindinkachidziwa n'komwe, ndipo ndikuganiza ambiri amene tikumanga sitichidziwa, n'choti denga la malata kuno siligwa chifukwa cholemera, limauluka. Tonse timaganiza zoti chitsulo chisenze katundu wopita pansi, koma malata ndi opepuka, mdani ndi mphepo imene ikadutsa pamwamba pa denga imaliyamwa kulikokera kumwamba, ndipo chitseko chachikulu chikakhala chotsegula mbali yomwe ikuchokera imalowanso m'kati n'kumakankha kuchokera pansi. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri mphamvu yake imawirikiza kanayi. Zikatero zonse zimatembenuka, bottom chord imene masiku onse imakokeka imayamba kufinyika, ndipo chitsulo chowonda chachitali chikafinyika chimapindikira m'mbali ngati bango, n'chifukwa chake anaikanso zitsulo zolumikiza ma bottom chord a mathilasi onse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Amalume anandiwerengera pa zala: lata lagwiridwa ndi sikuluu, sikuluu yagwira palini, palini yagwira kiliti, kiliti yagwira thilasi, thilasi yagwira kolamu, kolamu yagwira besi puleti, puleti yagwira mabauti, mabauti agwira konkire, ndipo konkireyo iyenera kulemera kuposa mmene mphepo ikukokera. Mphepo imayenda mndandanda wonsewo kufufuza pomwe munaumira. Masukulu ndi matchalitchi amene timamva chaka ndi chaka kuti denga lasasuka mvula yoyamba, mukapita kukaona nthawi zambiri denga limakhala lagona kumunda lathunthu bwinobwino, chimene chinalephera ndi pomwe linamangiriridwa kukhoma.

Bulesing'i inabwerera, mitanda ya X m'mipata iwiri ya kumapeto, m'makoma ndi m'denga momwe. Tisanaiike ndinakwera ndekha pa makwerero n'kugwedeza kolamu imodzi, chimango chonse cha mamita 24 chinavina, mathilasi onse kugwedezeka pamodzi ngati akumva ng'oma ya utse. Titamanga ma X aja ndinagwedezanso, zii.

Mvula yoyamba inabwera chakumapeto kwa November madzulo, malata titangomaliza kukhoma sabata yomweyo. Kunayamba ndi fumbi lofiira, mbuzi kuthamangira m'makonde, kenako chimphepo chija chimabwera mvula isanagwe. Ine ndinali m'kati mwa shedi ndi mlonda, tinakankha chitseko kutseka n'kuikako mpiringidzo, ndipo ndinaima pakati kuyang'ana kumwamba ndi tochi ya pafoni. Malata ankapuma, kukwera kutsika ngati chifuwa cha ng'ombe, phokoso losamvana. Ndinagwira chitsulo chimodzi cha X ndi dzanja, chinali chitakokeka gwa ngati nsambo ya gitala, chikunjenjemera, chinzake chopingasana nacho chili lendelende, mphepo itatembenuka zinasinthana. Mbuzi zisanu zija ndinazikumbukira nthawi imeneyo.

Kutacha tinapeza lata limodzi la pakona ya kumwera litapindikira m'mwamba ngati khutu la galu. Pamenepo masikuluu anatithera tsiku lokhoma, anyamata anadumphadumpha mizere kuti akwanire, ine ndinadziwa koma ndinati tidzawonjezera mawa, ndipo pakona ndi m'mphepete ndi pomwe mphepo imayamwa kwambiri, pofunika masikuluu ochuluka kuposa pakati. Amalume atabwera anayang'ana lata lija, anayang'ana ine, sananene kanthu, anangopempha tiyi.

Pano chimene ndikulimbana nacho ndi dzimbiri. Zitsulo zonse tinazipaka red oxide, penti wofiira woteteza ku dzimbiri, tisanakweze kenako penti wamafuta pamwamba, koma madzi a m'mijigo yambiri kuno ndi amchere, ndipo anyamata akamatsuka pansi amathira mpaka m'miyendo ya makolamu. Ma besi puleti awiri a kufupi ndi chitseko ayamba kale kutuluka mamba ofiira. Mwezi wa October uno ndagula bulashi ya waya ndi chitini cha penti, ndabwerekanso sipanala 24 ya amalume kuti ndizungulire manati onse mvula isanabwere, anandipatsa koma amvekere ibwere Loweruka, ndipo usaibwereketse kwa munthu.